Mazira obiriwira a tsiku la Patrick Woyera akundithimbirira alendo asanafike

NaPhiri, Chilomoni

Ndikupereka moni kwa nonse a pabwalo lino, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene amadziwa za kukhitchini kuposa ine. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Ireland amene anabwera kuno kudzagwira ntchito, ndipo makolo a mkamwini wangayo, asewere anga, akufika mu Blantyre kumayambiriro a Marichi kudzaona mdzukulu wawo koyamba. Popeza pa 17 Marichi adzakhala adakali nafe, ndipo limeneli ndi tsiku lalikulu kwawo lokumbukira Patrick Woyera, ana agwirizana zokonza kaphwando ka anthu pafupifupi 40 pakhomo pawo ku Namiwawa. Ine andipatsa gawo la mazira aja amati deviled eggs, amene umawiritsa, kuwadula pakati, kuchotsa zachikasu za m'kati, kuzisakaniza ndi mayonezi ndi zokometsera zina, kenaka n'kuzibwezera m'zibenthu zoyera zija. Mwana wanga akuti ayenera kukhala obiriwira chifukwa umenewo ndiwo mtundu wa tsikuli.

Loweruka lapitali ndinayeserera ndi mazira 12, ndipo zimene zinatuluka sindingaike pamaso pa asewere. Mazirawo ndinagula m'mawa womwewo kwa mayi wina woweta nkhuku pafupi ndi kwathu, poganiza kuti atsopano ndiwo abwino, koma posenda makoko ankachoka pamodzi ndi mnofu woyera, moti 5 mwa 12 aja anaoneka ngati ajegwedwa ndi makoswe. Nditawadula ndinapeza zachikasu zili ndi mzere wotuwa mozungulira, komanso kafungo kosasangalatsa. Pofuna kubiriwiritsa ndinanyenyeramo peyala lakupsa bwino, ndipo poyamba zinkaoneka zokongola ndithu, koma nditaziika mufiriji kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 3 koloko masana, pamwamba ponse panali patathimbirira ngati matope a m'mbali mwa Mudi.

Ndikufuna mundithandize kumvetsa chimene ndinalakwitsa, makamaka pa nkhani ya mtunduyi, chifukwa sindikufuna kugwiritsa ntchito utoto wa m'botolo ngati pali njira ina. Ndikufunanso kudziwa ngati ndingakonzeretu dzulo lake, popeza tsikulo manja adzakhala ambiri kukhitchini ndipo ine sindidzapeza malo okwanira.

Wophika Wopuma, Zingwangwa

Mayi NaPhiri, ine ndagwira ntchito yophika m'mahotela kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo mazira amenewa ndawakonza kosawerengeka, choncho ndiyankhepo pa kuwiritsa ndi kusenda, pakuti apa ndi pamene ntchito yonse imaonongekera munthu asanafike n'komwe pa za mtundu.

Cholakwa chanu choyamba chinali chofuna kuchita bwino. Dzira limene laikiridwa lero kapena dzulo ndi labwino kukazinga, koma ndi lovuta kwambiri kusenda likawiritsidwa, chifukwa kakhungu kopyapyala kamene kali pansi pa khoko kamamatirira zolimba ku mnofu woyera. Dzira likakhala masiku angapo, mpweya wina umatuluka kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso ta pakhoko, mnofu woyera umasintha pang'ono, ndipo kakhungu kaja kamayamba kulekana nawo. Ndiye muwagule pa 7 kapena pa 8 Marichi, muwasunge pamalo ozizira, kuti pofika tsiku lowiritsa akhale atatha masiku 7 mpaka 10. Usiku woti mawa muwiritsa, mugoneke thireyi chammbali kuti mazira agone chopingasa, chifukwa zimathandiza kuti chachikasu chikhale pakati, osati kutsamira mbali imodzi n'kusiya khoma lopyapyala limene limang'ambika podzaza.

Ambiri a ife tinaphunzira kuika mazira m'madzi ozizira n'kutereka poto pamoto, kenaka n'kuiwala mpaka titamaliza zina. Musatero. Yambani mwawiritsa madzi mpaka abwate, ndipo mutsitsiremo mazira mmodzimmodzi ndi chipande mosamala kuti asasweke, kenaka muchepetse moto kuti madzi azingonyang'ama osati kugubuduza mazirawo. Dzira lolowa m'madzi otentha kale limasendeka mosavuta kuposa limene latenthera pamodzi ndi madzi. M'mabuku ambiri ophikira mudzapeza mphindi 11 kapena 12, koma nthawi zimenezo ndi za malo otsika ngati a pafupi ndi nyanja yamchere, kumene madzi amabwata pa madigiri 100. Blantyre ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndipo kuno madzi amabwata pa madigiri pafupifupi 97, kotero ine ndimapereka mphindi 13 kwa mazira aakulu ndi 11 kwa mazira aang'ono a nkhuku zachikuda. Mukhale ndi wotchi, osati kuyerekeza.

Mzere wotuwa umene munaona uja si chizindikiro choti dzira linali loola. Mnofu woyera uli ndi salufa, chachikasu chili ndi ayironi, ndipo dzira likakhalitsa pamoto ziwirizi zimakumana pamalire pake n'kupanga mzere wotuwa mobiriwira uja pamodzi ndi fungo limene munamva. Sizipweteka munthu, koma zimaononga maonekedwe, ndipo kwa inu amene mukufuna mtundu wowala, zachikasu zotuwa zimadetsa chilichonse chimene mungasakanizemo. Mankhwala ake ndi kuwatsitsa nthawi ikangokwana n'kuwaponya m'beseni la madzi ozizira kwambiri, okhala ndi ayisi ngati alipo, kwa mphindi 15. Mukapanda ayisi, muzisintha madziwo kawiri kapena katatu. Posenda yambirani kumbali yaikulu kumene kuli kampata ka mpweya, ndipo musendere m'madzi.

Kwa anthu 40, muwerengere zibenthu ziwiri munthu aliyense, ndiye kuti mazira 40, koma muwiritse 46 kapena 48 chifukwa ena adzang'ambika ndithu, ndipo zachikasu za ong'ambikawo zimaonjezera chodzazira kuti zibenthu zidzaze motumphuka. Musawiritse onse m'poto mmodzi mosanjikiza. Gawani kawiri kapena katatu. Podula, mupukute mpeni ndi kansalu konyowa mukatha dzira lililonse, ndipo pansi pa chibenthu chilichonse mushepeko kachidutswa kochepa kuti chikhazikike m'mbale osagubuduzika.

Mayi a Tadala, Limbe

Achemwali, bambo ayankha pamwambawa anena zoona zokhazokha, ndipo ine ndingoonjezera pa za mtundu, chifukwa ndinavutikapo nazo pokonza chakudya cha ana pa phwando lina.

Peyala silinalakwe, ndipo mwezi uno ndi umene mapeyala a ku Thyolo ndi ku Mulanje adzaza mumsika wa Limbe pamtengo wabwino, moti kungakhale kupanda nzeru kuwasiya. Vuto lake ndi lakuti mnofu wa peyala ukangokhudzana ndi mpweya umayamba kuda, monga imachitira nthochi kapena mbatata yosenda, ndipo mukalinyenya mumakhala mwatsegulira mpweya malo ambiri. Firiji imachedwetsa zimenezi koma siziletsa. Maola asanu amene munasiya mazira odzaza kale osaphimba anali ochuluka kwambiri. Madzi a mandimu amachedwetsa kudako, ndipo chimene chimathandiza koposa ndi kutsekereza mpweya kotheratu.

Komanso peyala palokha silipereka kubiriwira kokwanira likasakanizidwa ndi zachikasu, limangopereka mtundu wofuwirira wa pakati pa chikasu ndi msipu. Kubiriwira kwenikweni kumachokera ku masamba. Ine ndimagwiritsa ntchito sipinachi, ndipo akasowa ndimatenga nsonga zanthete za bonongwe wobiriwira, osati wofiirira uja. Masambawo ndimawaviika m'madzi obwata kwa masekondi 30 okha, ndimawavuula n'kuwaponya m'madzi ozizira nthawi yomweyo, ndipo ndimawafinya ndi manja mpaka atasiya kudontha. Kufinyaku musakuchepetse, chifukwa madzi otsalira m'masamba ndi amene amachititsa chodzazira kukhala phala loyenderera. Kenaka ndimawapera mu blender pamodzi ndi mayonezi, osati ndi madzi, mpaka asalale. Amene alibe blender akhoza kusinja mu kamtondo ka kukhitchini n'kusefa ndi sefa ya tiyi, ngakhale zimatenga nthawi. Nkhwani ndinayesapo koma timinga take timamveka palilime, mpiru umawawa, ndipo chigwada musachiganizire n'komwe pakuti chimafuna kuphikidwa nthawi yaitali kuti chikhale chosaopsa kudya.

Pa mazira 12 alionse ine ndimaika masamba ofinya kale odzaza dzanja limodzi, mayonezi supuni zazikulu zitatu, theka la peyala lalikulu, mustard supuni zazing'ono ziwiri, madzi a mandimu supuni yaikulu imodzi, mchere, ndi masamba a anyezi odula bwinobwino. Ngati asewere anu sadana ndi dhaniya, amene amapezeka mosavuta kuno ku Limbe, muikemo pang'ono, koma mufunse kaye chifukwa pali anthu ena amene amamumva ngati sopo. Zachikasu muzidutsitse pa sefa musanasakanize kuti pasakhale timibulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandisokoneza kwa nthawi yaitali, ndipo ndi bwino muchidziwe. Mandimu amene amateteza peyala ndi omwewo amene amathimbiritsa masamba akakhala nawo nthawi yaitali, chifukwa zowawasa zimasintha chinthu chimene chimapatsa masamba mtundu wobiriwira. Amayi athu ankadziwa mbali ina ya nkhani yomweyi, pakuti ndiwo zamasamba zothira chidulo kapena soda zimakhala zobiriwira kwambiri, pamene zothira matimati ambiri zimafuwirira. Sindikunena kuti muthire soda m'mazira, chifukwa adzamveka sopo. Ndikunena kuti mugawe ntchito. Pa 16 Marichi wiritsani ndi kusenda mazira, muwadule, musunge zoyera m'kontena yotseka mutayala kansalu koyera pansi, ndipo zachikasu zosakaniza ndi masamba, mayonezi ndi mustard muziike mu kajumbo koyera kolimba, mufinye mpweya wonse n'kumanga. Peyala ndi mandimu zidikire tsiku lenilenilo. Kukatsala ola limodzi kuti anthu adye, sakanizani zonse, bwezerani mu kajumbo, dulani kangodya kamodzi ndi sizasi, ndipo muzifinyira m'zibenthu. Zibenthu 80 anthu awiri amadzaza m'mphindi 20, ndipo ntchito imeneyi siifuna malo kukhitchini, mukhoza kuichitira patebulo la pakhonde.

Mphwanga wa ku Ndirande

Amayi, ndikulemekeza zimene anena akuluakuluwa, koma ine sindikuona chifukwa choopera utoto wa chakudya, umene timadya kale m'makeke a ukwati ndi m'zakumwa popanda kufunsa. Kabotolo kamodzi ka wobiriwira, kamene kamapezeka pa mashelefu a zophikira makeke, kakhoza kukwanira mazira onsewo n'kutsalako. Njira yake ndi yothira madontho 8 kapena 10 m'makapu awiri a madzi ozizira pamodzi ndi supuni yaing'ono ya viniga, n'kuviikamo zibenthu zoyera zija kwa mphindi 5 mpaka 10, kenaka n'kuzivundikira pa kansalu kuti ziume. Zikatero choyera chija ndicho chimabiriwira, chodzazira chimakhala chachikasu monga mwa nthawi zonse, ndipo mtunduwo susintha ngakhale mutakonza dzulo lake. Masamba sangathe kulowa mu mnofu woyera motero. Mwina mukhoza kuchita theka njira iyi ndi theka njira ya amayi a ku Limbe, kuti mbale ikhale ndi mitundu iwiri.

Mphunzitsi Wakale, Mzedi

Mayi, ine sindine katswiri wa zophika, koma ndiloleni ndinenepo za tsikuli, chifukwa ndikuona kuti mukudzisenzetsa mantha amene mwina asewere anu sakuwayembekezera n'komwe. Ndinakulira m'manja mwa ansembe a ku Ireland kumpoto, a chipani cha Patrick Woyera chimene likulu lake lili ku Kiltegan, ndipo pa 17 Marichi chimene ndinkaona kwa iwo chinali Misa, katsamba kobiriwira pachifuwa, ndi chakudya chabwinoko pang'ono kuposa cha masiku onse. Mazira obiriwira sindinawaonepo patebulo lawo.

Patrick mwiniwakeyo sanabadwire ku Ireland. Anali wa ku Britain, anagwidwa ukapolo ali ndi zaka pafupifupi 16, anaweta ziweto ku Ireland kwa zaka 6 asanathawe, ndipo pambuyo pake anabwerera kudziko la omugwirawo monga episkopi m'zaka za m'ma 400. Mwambo umati ankagwiritsa ntchito katsamba ka nthambi zitatu kotchedwa shamrock pophunzitsa za Utatu Woyera, ndipo katsambako ndi kamene kamavalidwa patsikuli. Tsikuli linakhala la tchuthi cha boma ku Ireland mu 1903. Koma chizolowezi chobiriwiritsa chilichonse, mowa, makeke, mazira, chinakula kwambiri ku America pakati pa zidzukulu za anthu amene anasamuka kwawo, makamaka pambuyo pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845 mbatata ya kachewere itagwidwa ndi matenda, pamene anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndipo enanso ochuluka chomwecho anachoka m'dzikomo. Ku Chicago amafika pothira utoto wobiriwira mumtsinje wa mumzindawo, ndipo akhala akuchita zimenezi kuyambira 1962. Munthu amene ali kutali ndi kwawo ndi amene amakuza zizindikiro za kwawo, monga mmene Amalawi a ku Johannesburg amasungira ufa woyera ndi usipa kuposa ife amene tili nazo pakhomo.

Dzina loti deviled lisakudetseni nkhawa ngati mudzakhale ndi alendo opemphera, chifukwa m'Chingerezi chakale cha kukhitchini, kuyambira m'zaka za m'ma 1700, linkangotanthauza chakudya chothira zoyabwa monga mustard ndi tsabola. Ndiye kambuzi pang'ono, kapena dontho la Nali, ndi zogwirizana ndi dzinalo, bola mukumbukire kuti malilime a alendo anu sanazolowere moto wathu. Komanso tsikuli limagwa m'nyengo ya Lenti, ndipo mazira ndi chakudya chimene Akatolika amaloledwa kudya ngakhale pa tsiku losala nyama.

Ngati mukufuna chinthu chimene chidzawafike pamtima asewere, ndikupangirani ziwiri. Mbendera ya Ireland ili ndi mitundu itatu, wobiriwira, woyera ndi wa lalanje, ndipo woyera uli pakati kuimira mtendere pakati pa mbali ziwiri zimene zinakhala zikulimbana m'dzikomo. Dzira lanu lili kale ndi choyera ndi chobiriwira. Mukaika kachidutswa ka karoti pamwamba, mbendera yakwanira, ndipo iwo adzaizindikira musanawauze. Pachifukwa chimenechi ndikusiyana maganizo ndi mnyamata wa ku Ndirande, pakuti mukaviika zoyera mu utoto mwataya mtundu wapakatiwo. Chachiwiri, pambali pa mazira pakhale mbale ya colcannon, imene ndi mbatata ya kachewere yophika n'kupota ndi batala, mkaka, kabichi ndi masamba a anyezi. Chimenechi ndi chakudya chenicheni cha kwawo, ndipo adzaseka mukadzawauza kuti mbatata imeneyi, yolimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ife kuno timaitchula dzina la dziko lawo.

NaMbewe, Chirimba

Mayi NaPhiri, ine ndingokumbutsa za chitetezo cha m'mimba, popeza mukudyetsa anthu okalamba amene angofika kumene m'dziko lotentha, komanso padzakhala ana. Mazira odzaza sayenera kukhala kunja kwa firiji kopitirira maola awiri, ndipo tsiku likatentha kwambiri nthawiyo ichepe kufika ola limodzi. Musatulutse zibenthu 80 zonse nthawi imodzi. Tulutsani mbale imodzi, ikatha mutulutse ina. Mugwiritse ntchito mayonezi ogula m'botolo, osati opanga nokha ndi mazira aawisi. Masamba amene simudzawaviika m'madzi obwata, monga dhaniya ndi masamba a anyezi, muwatsuke ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, makamaka nyengo ino ya mvula. Ndipo popeza magetsi akhoza kuzima usiku wa pa 16 inu muli m'tulo, muumitsiretu mabotolo anayi kapena asanu a madzi masiku awiri zisanachitike, kuti muwaike mu cooler box pamodzi ndi mazirawo. Bokosi lomwelo mudzanyamuliramo kuchokera ku Chilomoni kupita ku Namiwawa, zoyera pazokha ndi kajumbo ka chodzazira pakokha.

NaPhiri, Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Dzulo ndinayesanso ndi mazira 10 amene anali atakhala sabata imodzi, ndinawaika m'madzi obwata kale kwa mphindi 13 monga ananenera bambo a ku Zingwangwa, ndipo 9 anasendeka osalala, zachikasu zili zowala popanda mzere uja. Sipinachi sindinamupeze wabwino, choncho ndinagwiritsa ntchito bonongwe wa m'dimba la kuseri kwa nyumba, ndipo mtundu wake unatuluka wobiriwira kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinasiya dala zibenthu zinayi mufiriji kuti ndione, ndipo patatha maola awiri zinali zikadali bwino, koma pofika maola anayi m'mbali munayamba kufuwirira, zimene zikutsimikiza mawu a Mayi a Tadala akuti ndidzadzaze kukatsala ola limodzi. Chimene ndinalakwitsa ulendo uno ndi kusafinya masamba mokwanira, moti chodzazira chinali chofewa pang'ono ndipo sichinaime bwino, komanso kambuzi ndinachulutsa mpaka mkamwini anatuluka misozi, ngakhale anakana kuti si tsabola.

Mphwanga wa ku Ndirande, utoto ndagula kabotolo kamodzi ndipo ndidzaviika zibenthu zochepa za ana okha, chifukwa mdzukulu wa mchemwali wanga sangalawe chilichonse akamva kuti muli bonongwe. Za akuluakulu zidzakhala zoyera ndi kachidutswa ka karoti pamwamba. Aphunzitsi, colcannon ija ndamuuza mwana wanga ndipo akuti apongozi ake aakazi adzafuna kuiphika okha, ndiye ine ndingodzagula mbatata ndi kabichi. Chimene ndikufunsabe kwa Mayi a Tadala ndi chakuti, ngati chodzazira chafewa kale chonchi tsiku lenilenilo, kodi ndingachilimbitse ndi zachikasu za mazira ena owiritsa, kapena pali china chimene mumathiramo?